Ndalama za m'mafilimu: n'chiyani, zimachokera kuti, ndipo mlimi angazizindikire bwanji

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika ku Chiputo ndi m'madera ena a boma la Marávia, ndalama imene mlimi wakhala akuidikira chaka chonse imalowa m'manja mwake tsiku limodzi. Chimanga, soya, mtedza kapena ng'ombe zimakwera galimoto, iye n'kutsala ndi mpukutu wa mapepala. Ngati ena mwa mapepalawo ndi abodza, ndiye kuti thukuta la kuyambira Novembala mpaka Meyi lapita ndi galimotoyo, ndipo palibe banki imene ingamubwezere. Nkhani ino ikufotokoza mtundu umodzi wa ndalama zabodza umene ambirife timauona pa kanema kawirikawiri koma osaudziwa dzina: ndalama zopangira mafilimu.

Kodi ndalama za m'mafilimu n'chiyani?

Aliyense amene anakhalapo pabenchi m'kanyumba koonetsera kanema pamsika amachidziwa chithunzi ichi: achifwamba atsegula sutikesi, m'katimo mwadzaza madola atsopano omangidwa m'mitolomitolo. Kapena woimba akumwaza ndalama pa vidiyo ya nyimbo yake ngati akuthira nkhuku madeya. Ine ndili mwana ndinkakhulupirira kuti chimenecho chinali chuma chenicheni, moti chikapsa ndi moto mtima unkandipweteka. Koma pafupifupi zonsezo ndi mapepala wamba, osindikizidwa ndi makampani amene ntchito yawo ndi kupanga zipangizo za sewero, monga mfuti zosapha, magazi abodza ndi mabotolo osweka osacheka munthu. Pachingerezi amazitchula "prop money" kapena "movie money". Pachipwitikizi ena amati "dinheiro cenográfico".

Chifukwa chozipangira n'chosavuta kumvetsa. Palibe wojambula filimu amene angakatenge madola miliyoni imodzi kubanki kuti awaotche kapena awaponye m'madzi, makamaka poti gawo limodzi la sewero amalibwereza kangapo lisanakome. Ngakhale atawabwereka kuti angowaonetsa, pangafunike alonda ambiri kuposa ochita sewerowo.

Pali kusiyana pakati pa ndalama zimenezi ndi ndalama zachinyengo zimene tinazolowera kumva pa wailesi apolisi akagwira munthu. Wopanga ndalama zachinyengo amayesetsa kuti apusitse dzanja ndi diso la munthu amene wayandikira. Wopanga ndalama za m'mafilimu amangofuna kupusitsa kamera imene ili patali, ndipo lamulo limamukakamiza kusiya zizindikiro zoonetsa kuti pepalalo si ndalama. N'chifukwa chake pa nota yotere pamalembedwa poyera kuti ndi yabodza. Vuto lathu kuno n'lakuti mawuwo amalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chitchaina, pamalo pomwe pa ndalama yeniyeni pamakhalanso mawu achilendo, ndipo wolandirayo nthawi zambiri amangoyang'ana nambala ya pakona ndi nkhope ya pakati.

Mmene zinayambira

Mafilimu atayamba kupangidwa ku Hollywood, m'dziko la America, malamulo a kumeneko ankaletsa kujambula chithunzi cha ndalama za boma. Opanga mafilimu anapeza njira ina. Dziko loyandikana nalo la Mexico linali litangodutsa m'nkhondo youkira boma imene inayamba mu 1910, ndipo magulu omenyanawo anasindikiza ndalama zawozawo zimene pambuyo pake zinatha mphamvu. Mapepala amenewo anagulidwa motchipa n'kumagwiritsidwa ntchito ngati madola m'mafilimu kwa zaka zambiri. Atatha kung'ambika, makampani anayamba kusindikiza awoawo potengera omwewo.

Makamera atayamba kuona bwino, oonera anayamba kuzindikira kuti ndalamazo si madola, choncho opanga anayamba kuzifananitsa kwambiri ndi zenizeni. Apa m'pomwe mavuto anayambira. Filimu ya mu 1985 yotchedwa To Live and Die in L.A., imene nkhani yake ndi ya munthu wopanga ndalama zachinyengo, inasindikiza manota ooneka bwino kwambiri, ndipo ena mwa iwo anatuluka kunja n'kuchititsa kuti apolisi ayambe kufufuza.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya filimu ya Jackie Chan ndi Chris Tucker yotchedwa Rush Hour 2, imene inatuluka mu 2001. Pojambula gawo lina mumzinda wa Las Vegas, anaphulitsa mulu wa manota abodza amene manambala ake ankakwana pafupifupi madola biliyoni imodzi. Mphepo inauluza mapepalawo. Anthu odutsa ndi ena amene analembedwa ganyu yodzaza malo m'seweromo anatola, ndipo posapita nthawi manotawo anayamba kupezeka m'masitolo, anthu akuyesa kugulira katundu. Nthambi ya boma la America yotchedwa Secret Service, imene inakhazikitsidwa mu 1865 makamaka kuti ithane ndi ndalama zachinyengo, inalanda manota otsalawo n'kulamula kampani imene inawasindikiza, Independent Studio Services, kuti isiye kupanga a mtundu umenewo. Taonani kuti pankhaniyi panalibe chigawenga chimene chinakhala pansi n'kukonza chiwembu. Panangofunika mphepo, dyera la otola, ndi ogulitsa m'sitolo amene sanayang'anitsitse.

Lamulo la ku America la mu 1992, Counterfeit Detection Act, limalola kusindikiza chithunzi chamitundu cha dola pokhapokha chikhale cha mbali imodzi yokha, ndiponso chikhale chaching'ono kusiyana ndi magawo atatu mwa magawo anayi a nota yeniyeni, kapena chachikulu kuposa nota ndi theka. Banki yaikulu ya ku Ulaya ilinso ndi malamulo ofanana nawo okhudza ndalama ya euro. Makampani otsata malamulo amapanga mitundu itatu. Wina ndi wosindikizidwa mbali zonse koma wosinthidwa nkhope, mawu ndi zojambula, woti uoneke patali. Wina ndi wofanana kwambiri ndi weniweni koma kumbuyo kwake n'koyera, woti kamera iyandikire. Wachitatu ndi mtolo umene nota yapamwamba ndi yapansi ndizo zosindikizidwa, pakati ponse pali mapepala oyera odulidwa mofanana. Mtundu wachitatuwu muukumbukire, chifukwa akathyali amaukopera ngakhale pa metikali ndi kwacha, poika manota enieni awiri kunja ndi zabodza m'kati.

Mmene zinatulukira m'manja mwa opanga mafilimu

Kale munthu ankayenera kukhala m'gulu lojambula filimu kuti awagwire mapepalawa. Lero amagulitsidwa pa intaneti ngati zidole, mtolo wonse pamtengo wochepa, ndipo ambiri amasindikizidwa ku China ndi anthu amene sasamala za kukula kapena mbali zimene lamulo la ku America limanena. Amafika m'phukusi laling'ono ngati mmene zimafikira zikwama za foni. Kuyambira cha m'ma 2019, banki yaikulu ya ku Germany, Bundesbank, yakhala ikuchenjeza kuti mbali yaikulu ya manota abodza a 10 ndi 20 euro amene ankagwidwa inali ya mtundu umenewu, ngakhale kuti pa manotawo panalembedwa "Movie Money" kapena "Prop copy". Ngati wogulitsa buledi mumzinda wa ku Ulaya, pansi pa magetsi owala, angalandire pepala lotere, sitinganene kuti mlimi wolandira ndalama madzulo pansi pa mtengo ndi wopusa akapusitsidwa.

Palinso abale ake a ndalama za m'mafilimu. Ku China amasindikiza manota ophunzitsira ogwira ntchito m'banki kuwerenga mofulumira, ndipo amakhala ndi zilembo za Chitchaina zofiira, zapinki kapena zabuluu pamwamba pa chithunzi cha dola. Amasindikizanso mapepala onga ndalama amene anthu a kumeneko amawaotcha pa miyambo yokumbukira makolo awo. Ndiye pali zithunzi zimene mabanki aakulu amafalitsa pophunzitsa anthu za ndalama yatsopano, zolembedwa mopingasa kuti "SPECIMEN". Zonsezi si ndalama.

Ntchito ina ya mapepalawa si kugulira katundu ayi, koma kukopa maso. Mu Malichi 2019 apolisi a ku Nairobi, m'dziko la Kenya, anapeza madola abodza okwana pafupifupi 20 miliyoni atasungidwa m'bokosi la kasitomala m'banki ina mumzindawo. Milu yotere imaonetsedwa kwa munthu kuti akhulupirire kuti akuchita malonda ndi anthu olemera, kenako iye n'kutulutsa ndalama zake zenizeni. Chimodzimodzinso ndi zithunzi zimene zimayenda pa Facebook ndi WhatsApp, za munthu wodzitcha sing'anga atakhala pakati pa mitolo ya ndalama n'kumalonjeza kuti akuchulukitsirani zanu. Funso langa kwa oterowo limakhala limodzi: ngati mitoloyo ndi yeniyeni, akufuniranji 500 MT yanu?

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Marávia

Chiputo ndi limodzi mwa madera anayi a boma la Marávia, pamodzi ndi Fingoè komwe kuli likulu la boma, Malowera ndi Chipera. Kumpoto bomali lachita malire ndi Zambia, ndipo kwa mabanja ambiri misika ya tsidya linalo, ya kumaboma monga Petauke ndi Katete, ndi yofikirika msanga kusiyana ndi mzinda wa Tete. Choncho m'thumba la mlimi mmodzi mumatha kupezeka metikali ndi kwacha ya Zambia nthawi imodzi. Pamalonda aakulu, monga a ng'ombe, golide wa okumba pamanja, kapena nsomba za m'nyanja ya Cahora Bassa, dola nayo imatchulidwa, ndipo obwera kuchokera ku Joni amabwera ndi randi. Wa mumzinda amangofunika kudziwa ndalama imodzi. Wa m'malire amayenera kudziwa zitatu kapena zinayi, popanda makina ounikira, ndipo banki ili kutali.

Manota a m'mafilimu opezeka kwambiri ndi a dola, euro ndi paundi. Apa ngozi yaikulu ili pa nota ya madola 100, imene ambirife sitinaigwirepo kokwanira kuti chala chiizolowere. Pa mtengo wa kubanki umene wakhala pafupi ndi 64 MT pa dola imodzi kuyambira mu 2021, pepala limodzi lokhalo ndi pafupifupi 6400 MT. Mapepala asanu ndi ndalama imene mabanja ena saipeza pa zokolola za chaka chonse.

Chinanso n'chakuti ndalama zathu ziwiri zikuluzikulu zasintha maonekedwe posachedwapa. Banco de Moçambique inatulutsa manota ndi makobidi atsopano pa 16 Juni 2024, ndipo Bank of Zambia inatulutsa ake pa 31 Malichi 2025. Nthawi yosintha ndalama ndiyo nthawi imene wakuba amaikonda, chifukwa akakupatsani pepala lachilendo amangoti, "Bambo, iyi ndi yatsopano ija, kwanu kuno sinafike?" Munthu poopa kuoneka wotsalira amalandira.

Kuzindikira metikali

Metikali inayamba kugwira ntchito pa 16 Juni 1980, kulowa m'malo mwa escudo ya Apwitikizi. Dzinali linachokera ku muyeso wakale wa Aluya woyezera golide waufa, umene unkagwiritsidwa ntchito m'malonda a m'chigwa cha Zambezi, kuphatikizapo ku Tete ndi ku Zumbo. Pa 1 Julaye 2006 anachotsa maziro atatu, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu ena mpaka lero amawerengabe m'makontu: kontu imodzi, imene inali 1000 yakale, ndiyo inasanduka metikali imodzi.

Manota alipo asanu ndi imodzi: 20, 50, 100, 200, 500 ndi 1000 MT. Onse ali ndi nkhope ya Samora Machel. Aliyense wokupatsani nota ya 2000 kapena 5000 MT akukupatsani chidole. Manota amene tinawazolowera 2024 isanafike ali ndi nyama kumbuyo: chipembere pa 20, kadyansonga pa 100, mikango pa 200, njati pa 500 ndi njovu pa 1000. Manota amenewa akuyendabe pamodzi ndi atsopano, choncho musawakane, ndipo musalole munthu kuwagula kwa inu pamtengo wotsika ponena kuti anatha ntchito.

Kuyambira mu 2011, manota a 20, 50 ndi 100 MT ndi apulasitiki. Amaterera, sanyowa, sang'ambika wamba, ndipo ali ndi kawindo koonekera mbali ina. Kawindoko ndi mbali ya nota yomweyo. Mukamva ndi chikhadabo kuti pali m'mphepete mokwera ngati anachita kumata kapulasitiki, ikayikireni.

Manota a 200, 500 ndi 1000 MT ndi apepala, ndipo awa ndi amene mlimi amalandira pogulitsa zambiri. Pepala lake limapangidwa ndi thonje, si la mitengo ngati la m'kope la kusukulu. Limalimba, ndipo mukaligwedeza limalira mouma. Yendetsani chala pa nkhope ndi pa manambala akuluakulu: inki yake ndi yokwera, imamveka yokhakhala. Pepala la m'mafilimu limakhala losalala ponseponse, nthawi zina lonyezimira ngati la kalendala. Kenako kwezani notayo kudzuwa. Pamalo ooneka oyera payenera kutuluka nkhope ya Samora yobisika m'kati mwa pepala, ndipo muyenera kuona kaulusi kodutsa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pa nota yabodza nkhopeyo palibe, kapena anachita kuijambula pamwamba ndi inki yotuwa, moti imaoneka ngakhale mutaiika patebulo.

Njira yabwino koposa, imene sifuna sukulu, ndi kuyerekeza. Sungani nota imodzi ya 500 ndi imodzi ya 1000 imene munailandira kubanki kapena kwa wothandizira wa ndalama za pafoni amene mumamudziwa, ndipo patsiku logulitsa muziike pambali pa zimene mukulandira. Kukula, mtundu ndi kamvekedwe m'manja ziyenera kufanana.

Kuzindikira kwacha ya Zambia

Kwacha nayo inachotsedwa maziro atatu pa 1 Januwale 2013. Mpaka chaka cha 2025 nota yaikulu inali K100. Ndalama zatsopano zinabweretsa manota a K200 ndi K500, pamodzi ndi K10, K20, K50 ndi K100, pomwe K2 ndi K5 zinasanduka makobidi. Mbalame ya nkhwazi ikadali chizindikiro cha ndalama za dzikolo. Potulutsa ndalamazi Bank of Zambia inalengeza kuti zakale ziyenda limodzi ndi zatsopano kwa chaka chimodzi, kufikira pa 31 Malichi 2026. Amene anakwirira kwacha m'chitini kapena kuisunga m'matiresi ayenera kudziwa kuti nota yeniyeni ikatha nthawi yake imafanana ndi ya m'filimu pamsika. Kayezedwe kake n'komweko: chala pa inki yokwera, diso kudzuwa kuti muone chithunzi chobisika ndi kaulusi, ndiponso kupendeketsa notayo kuti muone mbali zonyezimira zikusintha. Samalani kwambiri ndi K200 ndi K500, popeza ndi zachilendo kwa tonse.

Kuzindikira nota ya madola 100

Nota yeniyeni ili ndi nkhope ya Benjamin Franklin, bambo wadazi patsogolo ndi tsitsi lalitali m'mbali. Mtundu watsopano unayamba kuyenda pa 8 Okutobala 2013, ndipo uli ndi lamba wabuluu wolukidwa m'kati mwa pepala. Mukaipendeketsa, timabelu ndi manambala 100 a m'lambamo amasuntha. Nambala 100 ya pakona yakumanja m'munsi imasintha mtundu kuchoka pa wamkuwa kupita pa wobiriwira. Mukaikweza kudzuwa, kumanja kumaoneka nkhope ina ya Franklin yosaoneka bwinobwino, ndipo phewa la jekete lake limamveka lokhakhala. Pa nota ya m'filimu lambayo ndi inki yabuluu chabe, sasuntha, ndipo nambala ija sisintha mtundu.

Tsopano mawu. Ngakhale simuwerenga Chingerezi, phunzirani kuona maonekedwe a mawu ochepawa, kapena itanani mwana wasukulu akuwerengereni. Kutsogolo kwa dola yeniyeni pamalembedwa "Federal Reserve Note" ndi "United States of America". Pa ya m'filimu, pamalo amenewo kapena pafupi napo, mumapeza "For Motion Picture Use Only", kutanthauza kuti ndi yojambulira kanema basi. Ina imalembedwa "Copy", "Replica", "Prop" kapena "Play Money". Ina imanena kuti "This note is not legal tender", kutanthauza kuti notayo si yololedwa kulipirira chilichonse. Nthawi zina nkhope ya Franklin amaisintha dala, milomo n'kukhala yopindika kapena nsidze zokwera. Akathyali amadziwa zonsezi, motero amafuta mawuwo ndi inki yakuda, amawapala, kapena amaifinya notayo n'kuidetsa ndi dothi kuti ioneke yoyendayenda. Dola yokhala ndi malo opalidwa kapena odetsedwa pomwe payenera kukhala mawu, ibwezeni.

Pali chizindikiro china chimene chimagwira ntchito pa ndalama ya dziko lililonse. Nota iliyonse yeniyeni ili ndi nambala yakeyake, ngati nambala ya chitupa, ndipo palibe ziwiri zofanana. Manota a m'mafilimu ndi ojambulidwa pa makina a fotokope amachokera pa chithunzi chimodzi, choncho mtolo wonse umakhala ndi nambala imodzi kapena manambala ochepa obwerezabwereza. Yalani manota asanu pamphasa n'kuyang'ana nambala yonse ya nota iliyonse. Awiri akangofanana, malonda athere pomwepo.

Mmene chinyengocho chimachitikira pamsika

Pepala lotere silingapirire kuyang'anitsitsa kwa mphindi imodzi, ndiye wolibweretsa amaonetsetsa kuti mphindiyo isapezeke. Amafika dzuwa litapendeka kapena kutada. Amapereka mtengo wokwera kuposa wa ogula ena kuti musafune kumukhumudwitsa. Injini ya galimoto kapena ya njinga yamoto imakhala ikulira, anyamata akweza kale matumba, iye akuti akuthamangira malire asanatseke. Ndalama amawerenga yekha mofulumira pamaso panu, n'kukupatsani zomangidwa ndi mphira, zenizeni zili kunja.

Tiyerekeze kuti mwagulitsa matumba 20 a chimanga ndipo mwagwirizana 1000 MT pa thumba. Mwalandira manota 20. Ngati asanu ndi atatu a m'kati ndi abodza, matumba asanu ndi atatu mwapereka ulere, ndipo mudzazindikira patapita masiku, mwina pogula feteleza kapena malata, pamaso pa anthu, wogulitsa akukuyang'anani ngati ndinu wakuba.

Njira ina ndi ya chenji. Munthu amagula sopo kapena botolo la petulo pa kabanka ndi nota ya 1000 MT, n'kulandira chenji chenicheni cha 900 ndi zina. Amakonda posiyidwa mwana kapena agogo. Osintha ndalama a m'mbali mwa msewu nawonso ndi pamene pepala loipa limalowera ndi kutulukira, nthawi zina iwo eni osadziwa.

Malangizo ake ndi akale, koma ine ndimaona kuti chimene chimatigonjetsa ndi manyazi. Mwambo wathu umati kuwerenganso ndalama pamaso pa mlendo n'kumunyoza. Pamalonda mwambo umenewu tiusiye. Wogula woona sakwiya mukamasula mphira n'kugwira nota iliyonse payokha, chifukwa iyenso chimanga chanu anachiyeza pasikelo, sanangokhulupirira mawu anu. Gulitsani masana. Katundu asakwere galimoto ndalama isanawerengedwe. Pakhale munthu wachiwiri, ndipo ngati muli m'gulu la alimi, gulitsirani pamalo amodzi tsiku limodzi kuti maso achuluke. Lembani nambala ya galimoto ndi ya foni ya wogulayo. Ngati ndalama yake simuidziwa, muuzeni akasinthe yekha abwere ndi metikali.

Mukapezeka nayo

Chiyeso choyamba ndi kuikankhira kwa wina, mwina kwa mayi wogulitsa tomato kapena pa chopereka cha kutchalitchi. Musatero. Malamulo a milandu a dziko lino, Código Penal, omwe ndi Lei n.º 24/2019 ya pa 24 Disembala, amalanga wopanga ndalama zabodza komanso woziyendetsa akudziwa kuti ndi zabodza. Mawu akuti "ndi za m'filimu" sateteza munthu amene wagulira nazo katundu. Amene analandira mosadziwa n'kukanena yekha ndi wodandaula. Amene wazindikira n'kukagulira nazo wasanduka wolakwa.

Isungeni notayo payokha m'pepala, musailembe kapena kuing'amba. Dziwitsani amfumu kapena mtsogoleri wa dera lanu kuti ena achenjere msanga, kenako kaneneni kupolisi ya PRM imene ili pafupi, mutatenga zonse zimene mukukumbukira: tsiku, malo, maonekedwe a munthuyo ndi galimoto yake. Milandu yotere imafufuzidwa ndi SERNIC. Mukapita nayo kubanki, adzaisunga n'kuitumiza ku Banco de Moçambique, imene ili ndi nthambi mumzinda wa Tete, kuti akaiyeze. Pemphani kapepala kosonyeza kuti mwaisiya. Ikapezeka yeniyeni mtengo wake ndi wanu, ikapezeka yabodza palibe chobwezera. Tsidya la Zambia milandu ya ndalama zabodza imapita kupolisi kapena ku Drug Enforcement Commission.

Mukamugwira munthu ali ndi nota yabodza pamsika, musamumenye. Kawirikawiri amene waigwira pomalizira ndi mlimi mnzanu amene anapusitsidwa dzulo, pomwe mwini mtolo ali kale kutali. Mufunseni kumene anaitenga, ndipo mupite naye kwa amfumu kapena kupolisi.

Nanga ndalama za pafoni?

Kulandira malipiro kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh kumachotsa vuto la pepala labodza, ndipo kumene netiweki imagwira ndi njira yabwino pa malonda aakulu. Koma nakonso kuli chidole chake. Wakuba amatumiza uthenga wolembedwa ngati wa kampani, wonena kuti mwalandira ndalama, kapena amakuonetsani chithunzi pa foni yake chosonyeza kuti watumiza. Uthenga woona umabwera m'dzina la kampaniyo, osati kuchokera pa nambala ya munthu. Musadalire zimene zili pa foni ya wogula. Lowani nokha mu akaunti yanu ndi nambala yanu yachinsinsi, muone ngati ndalama zawonjezekadi, ndipo pokatapa kwa wothandizira muwerengenso manotawo limodzilimodzi musanachoke pawindo.